Mantha oposa muyeso: kuchira pokumana ndi chomwe mumachiopa

Ngati mumanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuthamanga mtima mukangoona galu, kangaude kapena jakisoni, mpaka kulephera kupita kuchipatala kapena kuntchito, akatswiri a zamaganizo amatcha vutoli phobia.

Kuthawa chinthucho kumakupumitsani kwa kanthawi, koma kumaphunzitsa ubongo kuti ngozi inalipodi. N'chifukwa chake manthawo sakutha.

Njira ina yochizira, yotchedwa flooding, ndi yoti mukhale pafupi ndi chomwe mumachiopacho kwa nthawi yaitali, katswiri ali pambali panu. Poyamba mantha amakwera kwambiri. Mukapirira osathawa, mtima umayamba kukhazikika, ndipo ubongo umazindikira kuti choopsa chomwe mumayembekezera sichinachitike.

Njirayi ndi yowawa, ndipo ena amasiyira panjira. Choncho akatswiri ambiri amayamba pang'onopang'ono: chithunzi cha galu, kenako galu womangidwa patali, pomaliza kumugwira. Joseph Wolpe wa ku South Africa anatchukitsa chithandizo chapang'onopang'onochi m'zaka za m'ma 1950. Lars-Göran Öst wa ku Sweden anakonza njira yochitira masitepe onse tsiku limodzi, kwa maola osapitirira atatu.

Musayese nokha, ndipo musatsekere mwana m'chipinda ndi chomwe amachiopa; manthawo angakule. Ngati muli ndi matenda a mtima kapena mumakomoka mukaona magazi, uzani dokotala musanayambe.

Yambirani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, kapena ku Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe.