Tisunge Nyumba Zakale za Kanema

Ife timakhala ku Chingodzi, tsidya lino la mtsinje wa Zambezi. Tikafuna kufika pakati pa mzinda wa Tete, timadutsa ku Matundo ndi kuoloka pa mlatho wa Samora Machel. Mlatho umenewu unatha kumangidwa mu 1973. Usanamangidwe, anthu ndi magalimoto ankaoloka pa bwato lalikulu.

Kutsidyako kuli nyumba zambiri zakale. Zina zinali masitolo, zina maofesi, zina zinali nyumba za kanema. Tikafunsa akulu athu za kanema wa mu Tete, amachula maina awiri: Kudeca ndi 333. Koma ana athu ambiri sanalowepo m'nyumba ya kanema. Iwo amaonera mafilimu pa foni kapena pa wailesi ya kanema. Ngati sitiwauza, sadzadziwa zimene zinkacitika m'nyumba zimenezi. Ndipo ngati nyumbazo zigwa, tidzasowa cowaonetsa.

Kanema anayamba bwanji?

Pa 28 Disembala 1895, mumzinda wa Paris ku France, abale awiri ochedwa Auguste ndi Louis Lumière anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu amene analipira pakhomo. Kucokera pamenepo, kanema anafalikira m'maiko ambiri.

Filimu yakale ndi lamba wautali wokhala ndi tizithunzi tambirimbiri. M'lifupi mwake ndi mamilimita 35. Makina amayendetsa lambayo kutsogolo kwa nyali yowala kwambiri. Pa sekondi imodzi pamadutsa tizithunzi 24. Cifukwa ca liwiro limeneli, maso athu amaona ngati anthu a pa cinsalu akuyenda. Mpukutu umodzi unkatha mphindi pafupifupi 20. Motero m'cipinda ca makina munkakhala makina awiri. Mpukutu wina ukamatha, woyendetsa makina ankayatsa makina enawo mwamsanga kuti oonera asazindikire kanthu. Inali nchito yofuna maso akuthwa ndi manja acangu.

Nthawi ya atsamunda

Nyumba zazikulu za kanema zinamangidwa m'mizinda imene munkakhala Apwitikizi ambiri. Ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, Scala inatsegulidwa mu 1931. Kunalinso Gil Vicente ndi Manuel Rodrigues, imene pambuyo pa ufulu inachedwa Cine África. Ku Beira kunali São Jorge. Ku Nampula kunali Almeida Garrett. Kumalo otentha, ena ankamanga malo a kanema opanda denga, amene pa Cipwitikizi amati esplanada. Anthu ankaonera usiku, mphepo ikuwapita.

Mzinda wa Tete unakula m'zaka zomaliza za utsamunda. Mu 1969 nchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba. Kunabwera amisiri, amalonda ndi asilikali ambiri. Onsewa ankafuna malo osangalalira madzulo.

Koma kanema wa nthawi imeneyo sanali wa onse. Kufikira mu 1961, lamulo linkagawa anthu m'magulu. Munthu wakuda wamba ankachedwa indígena, ndipo analibe ufulu wonga wa mzungu. Lamulolo litatha, tsankho silinathe. Mtengo wa tikiti, zovala ndi cinenero zinkatsekerabe anthu ambiri panja. Ku Lourenço Marques anafika pomanga nyumba yapadera, Império, kufupi ndi kumene kunkakhala anthu akuda.

Boma la atsamunda linkaopanso kanema. Linali ndi anthu oyesa filimu iliyonse isanaonetsedwe. Mu 1965, Faria de Almeida anapanga filimu yochedwa Catembe, yoonetsa moyo wa ku Lourenço Marques. Oyesawo anaidula malo 103, kenaka anailetsa. Mu 1972, Lopes Barbosa anapanga filimu yoonetsa kuzunzika kwa anchito a m'minda ya atsamunda. Nayonso inaletsedwa. M'caka comweco, pa 16 Disembala, asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wathu. Za ku Wiriyamu sizinaoneke pa cinsalu ciliconse ca m'dziko muno pa nthawiyo.

Kuxa Kanema

Pa 25 Juni 1975 dziko la Moçambique linalandira ufulu. Pa anthu 100 alionse, oposa 90 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Nyuzipepala inkafika kwa anthu ocepa. Wailesi ya kanema kunalibe. Nanga anthu a ku Zumbo akanawadziwa bwanji anthu a ku Mueda? Boma latsopano linaona kuti cithunzi cimalankhula kwa aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe.

Mu 1976 kunakhazikitsidwa bungwe la kanema lochedwa Instituto Nacional de Cinema. Bungweli linaphunzitsa acinyamata kujambula, kutsuka filimu ndi kuyendetsa makina. Mu 1978 linayamba kupanga nkhani za pa kanema zochedwa Kuxa Kanema. Dzinali limatanthauza kubadwa kwa kanema. Mau akuti kuxa ndi a zinenero za kumwera, ndipo amafanana ndi mau athu akuti kuca. Kuyambira mu 1981, Kuxa Kanema inkatuluka mlungu uliwonse. Inkatenga mphindi 10, ndipo zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera. Inkaonetsedwa filimu yaikulu isanayambe.

Kumene kunalibe nyumba ya kanema, kunkapita galimoto. Inkanyamula makina, jenereta ndi cinsalu. Kukada, mudzi wonse unkasonkhana pabwalo. Anthu ena anaona Samora Machel kwa nthawi yoyamba pa cinsalu coteroco. Anaonanso alimi, anchito a m'mafakitale ndi amai ophunzira kulemba, anthu onga iwo omwe.

Tinene zoona zonse. Kuxa Kanema inali mau a boma ndi a cipani ca Frelimo. Inkaonetsa zimene atsogoleri ankafuna kuti zioneke, ndipo zina inkazisiya. Komabe m'zithunzi zimenezo muli nkhope za makolo athu, misika yathu ndi minda yathu.

Mafilimu aatali anapangidwanso. Ruy Guerra anapanga Mueda, Memória e Massacre mu 1979. O Tempo dos Leopardos inatuluka mu 1985, yopangidwa pamodzi ndi dziko la Yugoslavia. José Cardoso anatulutsa O Vento Sopra do Norte mu 1987. M'nyumba za kanema munkaonetsedwanso mafilimu a ku Soviet Union ndi ku Cuba. Koma amene ankadzaza nyumba anali a ku India, a nyimbo ndi magule, ndiponso a karate. Anyamata ankatuluka akuponya miyendo m'mwamba ngati Bruce Lee.

Cinatseka zitseko n'ciyani?

Coyamba ndi nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo. Miseu inakhala yoopsa. Pa mseu wocokera ku Zimbabwe kudzera mu Tete kukafika ku Zóbuè, magalimoto ankayenda mumdipiti, operekezedwa ndi asilikali. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ocokera m'cigawo cathu. Galimoto ya kanema inaleka kupita kumidzi. Mafilimu atsopano ndi zitsulo za makina zinkasowa, pakuti zinkagulidwa kunja ndi ndalama zakunja.

Caciwiri ndi moto. Mu Febuluwale 1991, nyumba ya Instituto Nacional de Cinema ku Maputo inapsa. Makina ambiri ndi mafilimu ambiri amene ankatumizidwa m'zigawo zinaonongeka. Mwamwai, mbali yaikulu ya zithunzi za mbiri ya dziko inapulumuka. Kuxa Kanema inathera pamenepo.

Cacitatu ndi kusintha kwa moyo. Wailesi ya kanema inayamba ku Maputo mu 1981, ndipo pang'onopang'ono inafika m'zigawo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, makaseti a vidiyo anaculuka. M'mabairro munabuka tinyumba ta vidiyo, ta mabenchi ndi cinsalu pakhomo, ta mtengo wocepa. Munthu wa ku Chingodzi sanafunenso kuoloka mlatho usiku kuti akaone filimu. M'dziko lonse nyumba zambiri za kanema zinatsekedwa. Zina zinasanduka machalichi, zina mosungiramo katundu, zina zinangosiyidwa.

Tikapita kukaona

Nyumba ya kanema ili ngati buku. Amene waphunzira kuwerenga akhoza kuiwerenganso. Tipite masana, tipite pagulu, ndipo tiyambe tapempha cilolezo kwa oyang'anira nyumbayo.

Tiyang'ane kutsogolo kwake, pamene pankalembedwa dzina ndi kupacikidwa zithunzi za filimu ya mlungu umenewo. Tifunefune kazenera kogulitsira matikiti. Tikalowa, tione pansi. M'nyumba zambiri za kanema pansi pamatsetsereka, kuti wa kumbuyo aone bwino ngati wa kutsogolo. Titembenuke ndi kuyang'ana khoma lakumbuyo. Pamwamba pake pamakhala timabowo. M'menemo ndi mmene munkatulukira kuwala kwa makina. Tifunse kuti mipando ya mtengo wapatali inali kuti, ndipo ya mtengo wocepa inali kuti. Yankho lake lidzatiphunzitsa mmene anthu ankagawidwira.

Tipite ndi akulu amene anaonerapo kanema m'menemo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Iwo akumbukira mtengo wa tikiti, mzere wa pakhomo ndi mluzu wa oonera pamene filimu inaduka pakati. Ena mwa iwo ankayendetsa makina, ena ankang'amba matikiti, ena ankagulitsa mtedza panja. Anthu amenewa akukalamba. Zimene akudziwa sizinalembedwe.

Lamulo likuti ciyani?

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza cuma ca cikhalidwe. Ndi lamulo nambala 10/88 la pa 22 Disembala 1988. Lamuloli limateteza nyumba zonse zimene zinamangidwa caka ca 1920 cisanafike. Linga lakale la São Tiago Maior mu Tete lili m'gulu limeneli. Koma nyumba za kanema zinamangidwa pambuyo pa caka cimeneco. Msinkhu wao pa wokha suziteteza. Pamafunika kuti boma lizilembe m'kaundula wa zinthu zotetezedwa. Boma limamva msanga pamene anthu eni ake apempha.

Nkhaniyi ndi yofulumira. Kuyambira mu 2011, pamene migodi yaikulu ya malasha ku Moatize inayamba kutumiza malasha kunja, mzinda wathu wakula kwambiri. Mlatho waciwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014. Malo a pakati pa mzinda akwera mtengo. Nyumba yakale yopanda nchito imaoneka ngati yongotsekereza malo. Tsiku lina tikhoza kupeza yagwetsedwa. Cakudza siciimba ng'oma.

Ena amafunsa kuti: tisungirenji nyumba za atsamunda? Funsoli ndi labwino. Koma tikumbukire kuti amene anaumba njerwa ndi kusenza simenti anali makolo athu. Pambuyo pa 1975 zitseko zinatsegukira onse, ndipo nyumbazo zinakhala zathu. Tikazigwetsa, tifafaniza umboni wa tsankho pamodzi ndi umboni wa kutha kwake.

Zimene tingacite

Coyamba, tilembe. Ife amene tikuphunzira kulemba titenge kope ndi pensulo. Tikhale pansi ndi akulu, tilembe zimene akunena m'Cinyanja kapena m'Cinyungwe, pamodzi ndi caka ndi malo.

Caciwiri, tisonkhanitse zotsala: matikiti, zithunzi, mapepala olengeza mafilimu. Wopeza mpukutu wa filimu asautaye ndipo asausiye padzuwa. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Kutentha ndi cinyezi zimaononga filimu. Ikayamba kununkha ngati vinagre, ndiye kuti yayamba kuola. Tiipereke kwa a zacikhalidwe a m'cigawo.

Cacitatu, tipemphe. Komiti ya bairro ikhoza kulemba kalata ku khonsolo ya mzinda ndi ku ofesi ya zacikhalidwe, kupempha kuti nyumba zakale za kanema zilembedwe m'kaundula.

Cacinai, nyumba ikhale ndi nchito. Nyumba yopanda anthu imagwa msanga. Denga likadontha, madzi amalowa m'khoma, ciswe cimadya matabwa. Ku Maputo, Scala sinagwetsedwe cifukwa anthu okonda kanema anaitenga ndi kuigwiritsanso nchito. Nyumba ya kanema ikhoza kulandira masewero, nyimbo, misonkhano ndi maphunziro a akulu. Ikhozanso kuonetsa ana athu Kuxa Kanema. Amene akugwiritsa nchito nyumba yotero, kaya ndi chalichi kaya ndi sitolo, tiwapemphe kuti asacotse dzina lakale, kazenera ka matikiti ndi cipinda ca makina.

Nchito imeneyi si ya munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Tiyambe ndi cimene tingathe mlungu uno: aliyense wa ife apeze mkulu mmodzi amene anaonerapo filimu ku Kudeca kapena ku 333, alembe nkhani yake, ndipo abwere nayo m'kalasi.

Mafunso okambirana

1. N'cifukwa ciani m'cipinda ca makina munkakhala makina awiri?
2. Kodi Kuxa Kanema inali ciani, ndipo inkafika bwanji kumidzi?
3. Chulani zinthu zitatu zimene zinatseketsa nyumba za kanema.
4. N'cifukwa ciani caka ca 1920 n'cofunika pa nkhani imeneyi?
5. Kodi kwanuko kuli nyumba yakale iti imene mukufuna kuti isungidwe?