Wochonga Mayeso ndi Wodandaula: Mbiri ya Apilo ya Malikisi kwa Ophunzira a ku Dedza

Ufulu woti wophunzira afunse chifukwa chimene wapatsidwira malikisi ochepa ndi wa posachedwapa m'Malawi. Kwa ana a ku Kabwazi ndi midzi ina ya kumapiri a Dedza, mbiri yake imayambira pa sekondale ya boma ya Dedza, yomwe idatsegulidwa mu 1951, patapita zaka zingapo chitsegulireni Blantyre Secondary School mu 1940 ndi Zomba Catholic mu 1942. Mnyamata wofika kalasi yomaliza ankalemba mayeso a Cambridge. Mapepala ankamatidwa n'kutumizidwa ku England, ndipo zotsatira zinkabwera patatha miyezi. Wochonga sankadziwika dzina kapena nkhope, choncho panalibe womukayikira kuti wakondera, komanso panalibe khomo loti mwana wa mlimi akagogode.

Dziko litalandira ufulu, ntchito yochonga idayamba kubwera kumudzi. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe loyendetsa mayeso a Fomu 4, lomwe poyamba linkathandizana ndi Associated Examining Board ya ku Britain. Mu 1987 ntchito yake idaphatikizidwa ndi ya nthambi ya mayeso ya mu unduna wa zamaphunziro, n'kubadwa MANEB, yomwe likulu lake lili ku Zomba. Mwana wolemba MSCE, mayeso a Fomu 4, amapatsidwa magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndiko kukhoza bwino koposa, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino. Wosakhutira amadzera kwa mphunzitsi wamkulu wa pasukulu pake, ndipo atha kulipira kuti pepala lichongedwenso.

Kusukulu ya ukachenjede zinthu zidakhala zosiyana kuyambira pachiyambi. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964 ndipo idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Mu 1967 idatenga makoleji ena, kuphatikizapo Polytechnic ndi Bunda, koleji ya zaulimi ya m'boma la Lilongwe, loyandikana ndi Dedza. Chancellor College, koleji ya ku Chichiri kuja, idasamukira ku Zomba mu 1973. Kuyunivesite munthu mmodzi ndiye amaphunzitsa, kukonza mafunso ndi kuchonga. Amamudziwa wophunzira, amadziwa kwawo, amakumbukira tsiku limene adatsutsana naye m'kalasi. Mphamvu yotere imafuna woiyang'anira, ndipo yunivesite idatengera dongosolo la ku Britain: mphunzitsi wa ku yunivesite ina amaunika mafunso ndi ena mwa mapepala ochongedwa, zotsatira zimakambidwa ku dipatimenti ndi ku fakote, kenako Senate n'kuzivomereza. Dongosololi linkateteza mbiri ya digiri koposa wophunzira payekha, chifukwa misonkhano yonseyi inkachitika iye kulibe.

M'zaka za chipani chimodzi, kufunsa kunali kudziputira ngozi. Aphunzitsi eniake ankatengedwa ndi apolisi, monga zidachitikira Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, mu 1987. Wophunzira amene boma linkamudyetsa ndi kumugoneka sakadalimba mtima kutsutsa malikisi. Pamwamba pa manthawo panali mwambo umene mwana wa Mchewa amakula nawo, woti wamkulu satsutsidwa pamaso. Wolephera pang'ono ankalemba mayeso obwereza otchedwa sapu, wolephera kwambiri ankawididwa, n'kunyamula chikwama kubwerera kumudzi mwakachetechete.

Kusintha kwenikweni kudadza ndi malamulo aakulu a dziko a mu 1994. Gawo 43 limapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu oyendetsa ntchito za boma amuchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndiponso amuuze zifukwa molemba pamene chigamulo chakhudza ufulu wake kapena zimene amayembekezera moyenera. Popeza mayunivesite a boma adakhazikitsidwa ndi malamulo a Nyumba ya Malamulo, gawoli limawakhudza. Ophunzira ochotsedwa sukulu adayamba kupita ku bwalo lalikulu la milandu ndi ku ofesi ya Ombudsman. Oweruza sachonga pepala; chimene amafunsa n'chakuti sukulu idatsata malamulo ake kapena ayi, ndipo wophunzira adamvedwa kapena ayi. Makoleji adalemba momveka njira ya apilo: kalata yopita kwa akuluakulu m'masiku oikika, ndalama yolipira, ndi wochonga wina amene sadaone pepalalo poyamba.

Apilo imakhala ndi maziko ngati zoyembekezeka zidanenedwa kale. N'chifukwa chake pepala limene mphunzitsi amapereka poyamba pa semesita lidasanduka chinthu cholemera. Limatchula mitu ya phunziro, mabuku oti awerengedwe, masiku opereka maasainimenti, ndi mmene malikisi agawidwire pakati pa ntchito ya m'kati mwa semesita ndi mayeso omaliza. Madandaulo ambiri sakhudza nzeru za wochonga konse. Amakhala a malikisi a asainimenti amene sadalowetsedwe, kuwonkhetsa kolakwika, kapena dzina losowa pa mndandanda, ndipo zoterezi zimakonzeka msanga ngati wophunzira adasunga mapepala ake.

Makoleji achuluka. Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999, Bunda idachoka mu Yunivesite ya Malawi n'kukhala phata la LUANAR, ndipo mu 2021 padabadwa MUBAS ndi KUHeS. Lamulo la mu 2011 lidakhazikitsa National Council for Higher Education, bungwe lounika ngati sukulu zaukachenjede, za boma ndi zomwe si za boma, zikufika pa muyezo. M'boma la Dedza muli koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke ndi koleji ya zankhalango ku Chongoni, ndipo sukulu iliyonse ili ndi malamulo akeake a mayeso.

Kumene dongosololi limafookabe ndi pa mtunda ndi ndalama. Zotsatira zimatuluka nthawi ya tchuthi, wophunzira ali kumudzi, ndipo masiku ochitira apilo amayamba kuwerengedwa pomwepo. Wa ku Kabwazi amafunika bando ya intaneti kuti aone malikisi, ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe kapena ku Zomba, ndi ina yolipirira kuchonganso, pamene makolo adagulitsa kale soya, nyemba kapena mbatatesi kuti alipire fizi. Ambiri otere amasankha kulemba sapu kapena kubwereza phunziro ngakhale akukhulupirira kuti pepala lawo lidachongedwa molakwika.