Njerwa za Mbusa Scott: Mamangidwe a Tchalitchi cha St Michael and All Angels, 1888-1891

Mlendo amene afika koyamba pa Mishoni ya Blantyre, naima patsogolo pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, kaŵirikaŵiri amafunsa dzina la katswiri wa ku Ulaya amene adalemba pulani ya nyumbayo. Yankho lake limadabwitsa ambiri. Katswiri wotero kunalibe, ndipo ngakhale pulani yathunthu yolemberatu papepala siidaliko. Amene adaiganiza nyumbayo anali mbusa wosaphunzirapo za mamangidwe, ndipo amene adaimanga anali anthu a dziko lino amene anali asanagwirepo ntchito yaikulu chotero chibadwire.

Mishoni ya Blantyre idayamba m'chaka cha 1876, pamene Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, adasankha malo m'dziko la Mfumu Kapeni. Zaka zoyamba sizidakome. Amishoni ena adadziyesa mafumu ndi oweruza milandu, nayamba kukwapula anthu, kufikira mbiri yoipayo idamveka ku Scotland. Mpingo wa kumeneko udatumiza nthumwi kudzafufuza m'chaka cha 1880, ndipo mtsogoleri wa Mishoni, Mbusa Duff MacDonald, adachotsedwa pamodzi ndi anzake ena. Tsono pamene Mbusa David Clement Scott adafika m'chaka cha 1881, adapeza malo amene dzina lake linali litada pamaso pa mafumu ndi anthu ao. Ntchito yake yoyamba inali yobwezera chikhulupiriro chimene chidatayika, ndipo tchalitchi chimene adayamba kumanga mu 1888 chinali mbali ya ntchito yomweyo.

Mamangidwe ake ndiwo ofunika kuwalongosola bwino, pakuti m'menemo ndimo muli nkhani yonse. Njerwa zidaumbidwa pa Mishoni pomwepo ndi dothi la pamalopo, nizitenthedwa ndi nkhuni mu uvuni. Sizinali za mtundu umodzi ai. Pofuna zipilala zobulungira, makomo okhota ngati uta, ndi zokometsera za m'mphepete mwa makoma, padafunika zikombole zamatabwa zosiyanasiyana, zina zopereka njerwa yamphako, zina yansonga, zina yozungulira mbali imodzi. Amene adaziŵerenga amati m'nyumbamo muli mitundu 81 ya njerwa. Chigawo chilichonse chovuta ankayamba achiyala chouma, njerwa pamwamba pa inzake popanda chomatira, kenaka nkuima potero kuchiyang'ana. Chikakhala chosakoma m'maso, kapena chosaoneka kuti chingalimbe, ankachiphwasula nkuyalanso mwina. Pokhapokha onse atakhutira ndi pamene amisiri ankachimanga kwenikweni.

Njira imeneyi ena angaiyese umbuli wa munthu wosadziŵa kujambula pulani. Koma woganiza mofatsa aona kuti inali sukulu. Mmisiri amene apatsidwa pepala amangotsata zimene wina adaganiza kale kutali. Koma amene ayala njerwa zouma, naziona zikugwa, nayesanso, ameneyo akuphunzira chifukwa chake khoma limaima. Woumba mbiya sayamba ndi chithunzi, ndiponso womanga nkhokwe salemba miyeso. Dzanja ndi diso ndizo zimaongolerana. Mwadala kapena mokakamizidwa ndi kusoŵa, Scott adagwira ntchito m'njira imene anthu ake ankaidziŵa kale kumudzi, ndipo nchifukwa chake adatha kufika nayo patali chotero.

Nyumba imene idatuluka m'ntchitoyo ndi ya mafiti 106 m'litali, 30 m'lifupi, ndi 37 kufika pamsonga pa denga. Pamwamba pake pali denga lina lobulungira ngati mphika wovundikira, lofanana ndi la matchalitchi akale a Kum'maŵa, ndipo kumaso kwake kuli nsanja ziŵiri zosalingana mamangidwe. Wophunzira za nyumba za ku Ulaya amavutika kuipatsa dzina la mtundu wake, pakuti idatapa uku ndi uku, osatsata mwambo umodzi. Idaperekedwa kwa Mulungu pa 10 May 1891, m'mwezi womwewo umene Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Chakacho chinali cha maliro pa Mishoni, pakuti Dr John Bowie ndi Henderson mwini adamwalira miyezi yoŵerengeka tchalitchi chisanatsegulidwe.

Sikuti onse adakondwa nacho. Ku Scotland kunali ena amene ankadandaula za ndalama, ndi ena amene ankati mapemphero a ku Blantyre, ndi zovala za oyimba ndi dongosolo lake, zikupatuka pa mwambo wa Chipresibeteriyani. Pansi pa madandaulo onsewa panali funso limene ambiri sankalitchula poyera: kodi anthu akuda nkuwamangiranji nyumba yokongola chotere, pamene chisakasa cha udzu chikadakwanira? Azungu a minda ya khofi nawonso ankaona kuti Mishoni ikukweza anthu mitu. Scott sadagonje pa mfundo imeneyi. Iye ankakhulupirira kuti Mwafrika ndi wolandira nawo choloŵa chimodzimodzi ndi wina aliyense mu Mpingo wa Khristu, motero kumpatsa chinthu chachabechabe pomati chimkwanira nkumnyoza iye pamodzi ndi Mlengi wake.

Maganizo omwewo amaoneka m'ntchito zake zina. M'chaka cha 1892 lidasindikizidwa ku Edinburgh buku lake lotanthauzira mau a Chimang'anja, A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, limene silingondandalika mau chabe, koma limalongosolanso miyambo, miyambi, maseŵera ndi ntchito zamanja za eni chinenero, monga zinthu zoyenera ulemu. Ndipo cha m'ma 1894 adapatula madikoni asanu ndi aŵiri achiafrika nawapatsa udindo weniweni wolalika ndi woweruza nkhani za mumpingo. Mwa iwo munali Mungo Murray Chisuse, amene adakaphunzira zosindikiza mabuku ku Scotland, nadzatchuka monga wojambula zithunzi woyamba wa dziko lino. John Gray Kufa, wothandiza dokotala, amene Boma la atsamunda lidamupha pa nkhondo ya Chilembwe mu 1915. Ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene adadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha.

Pali chinthu chimodzi choŵaŵa m'mbiri imeneyi. Dzina la Scott lili m'mabuku onse, koma maina a oponda dothi, oumba, otentha njerwa usiku, ndi okwera pamakwerero kukhotetsa makomo aja, ambiri a iwo sadalembedwe.  Komabe njerwa iliyonse ya mitundu 81 ija idapita m'manja mwa munthu, ndipo pamene zouma zinkayesedwa, padafunika diso la woyala kuti anene ngati zakhala bwino. Kunena kuti nzeru yonse inali ya mmodzi ndipo enawo anali manja okha nkusamvetsa momwe nyumba yopanda pulani imamangidwira.

Zaka zotsiriza za Scott ku Blantyre zinali zolemetsa. Mkazi wake adamwalira mu 1895, mikangano ndi akuluakulu a ku Edinburgh idakula kufikira kudabweranso nthumwi zofufuza mu 1897, ndipo thanzi lake lidafooka. Adachoka mu 1898, utsogoleri nutsala m'manja mwa Mbusa Alexander Hetherwick. Mu 1901 adapita kukagwira ntchito pa Mishoni ya Kikuyu ku Kenya, ndipo kumeneko ndiko adamwalira m'chaka cha 1907.