Zimene MX-5 ndi Bwato la ku Chisi Zidandiphunzitsa

Kwathu ku Chisi, madzi a m'nyanja ya Chilwa akayamba kuphwera, boti la injini yaikulu limatitimira m'matope, pomwe kabwato kopepuka kamadutsa bwinobwino mpaka ku Kachulu. Ndimakumbukira zimenezi anzanga akamakangana za galimoto yomwe adzagule akadzayamba ntchito. Onse amangofunsa za mphamvu ya injini.

Mbiri ikutiuza zina. Mu 1962, kampani ya Lotus ya Colin Chapman ku Britain idatulutsa Elan, kagalimoto kopepuka kokhota mosavuta. Pofika m'zaka za m'ma 1980, timagalimoto totsika mtengo ta mtunduwu tidali titasowa. Mazda ya ku Japan idatidzutsanso mu 1989 ndi MX-5: mipando iwiri, injini ya malita 1.6, kulemera kosafika tani imodzi. Liwiro lake silidali lodabwitsa, koma pakona inkamvera chiwongolero. Pofika 2016, Mazda idali itapanga MX-5 zokwana 1 miliyoni.

Ifetu timagula galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zambiri zodzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo msonkho umakwera injini ikakhala yaikulu. Onjezerani mtengo wa mafuta, muona kuti mphamvu zomwe simudzazigwiritsa ntchito n'zimene zidzakulowetseni m'ngongole.

Kunena zoona, MX-5 ndi yotsika kwambiri, msewu wa ku Kachulu ungaiphwanye kunsi. Koma pokwera msewu wokhotakhota wa ku Ku Chawe, ndingasankhe yomweyi.