Kuyeza ctDNA pa khansa ya m'kati mwa chiberekero

Kuyeza ctDNA ndi kufufuza m'magazi tizidutswa ta DNA tochokera ku maselo a khansa, pofuna kudziwa ngati matenda atsalira m'thupi mayi atachotsedwa chiberekero.

Khansayi imayambira m'kati mwa chiberekero, osati pakhomo pake, ndipo imagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba. Mu 1948 Mandel ndi Métais a ku France anapeza tizidutswa ta DNA m'magazi a anthu. Ta chotupa timatha pakapita maola ochepa, choncho tikapezekabe patadutsa milungu chichitikire opaleshoni, ndiye kuti maselo ena a khansa akadalipo ngakhale sakuoneka pa sikani, ndipo chiopsezo choti matenda abwerere n'chachikulu. Tikapanda kupezeka si umboni wokwanira woti mayi wachira.

Kafukufuku wa DYNAMIC wa mu 2022 anaonetsa kuti njirayi imachepetsa kupereka chemotherapy kosafunikira pa khansa ya m'matumbo. Pa ya chiberekero ikadafufuzidwabe. Pakadali pano madokotala amasankha chithandizo potengera mtundu wa chotupa ndi momwe chafalikira.