Kuvulala kopitirira m'masewera a nthano a patebulo

Kuvulala kopitirira ndi lamulo la m'masewera a nthano a patebulo lomwe limachititsa kuti munthu wa m'nthanoyo azipwetekabe ngakhale chomwe chinamuvulaza chitadutsa kale. Zitsanzo zake ndi kupsa ndi moto, ululu wa njoka, matenda komanso bala lotuluka magazi. M'masewerawa anthu amakhala pamodzi, aliyense n'kutenga mbali ya munthu mmodzi, pomwe wotsogolera amafotokoza zochitika, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati chinthu chatheka kapena ayi. Masewera oyamba kugulitsidwa a mtundu umenewu ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America m'chaka cha 1974.

Njira yowerengera manambala

M'masewera ambiri, moyo wa munthu wa m'nthano umayezedwa ndi mapointi, ndipo akatha munthuyo amakomoka kapena kufa. Mu Dungeons & Dragons ya m'chaka cha 2008, wovulala amataya mapointi ofanana nthawi iliyonse mpata wake wosewera ukayamba. Pamapeto pa mpatawo amaponya dayisi ya mbali 20, ndipo akapeza 10 kapena kuposa apo, vutolo limatha. Pathfinder ya m'chaka cha 2019, ya kampani ya Paizo, imafuna 15, koma mnzake akamuthandiza, mwachitsanzo pomuthira madzi, nambalayo imatsika kufika pa 10.

Njirayi ndi yomveka bwino, koma imachedwetsa masewera. Osewera amaiwala kuchotsa mapointi, ndipo nkhani imaima kaye kuti anthu awerengere.

Njira zotsamira pa nkhani

Masewera omwe amaika nkhani patsogolo safuna kuti bala likhale nambala chabe. Amafuna kuti lisinthe zomwe munthuyo angachite.

Apocalypse World, yomwe D. Vincent Baker anatulutsa mu 2010, imalemba kuvulala pa chithunzi cha wotchi cha zigawo zisanu ndi chimodzi. Bala lomwe silinapitirire pa 6:00 limapola lokha, koma likadutsa 9:00 limakulirakulira pokhapokha munthuyo atalandira chithandizo. Choncho anzake amakakamizika kusankha pakati pa kupitiriza ulendo ndi kukafuna wochiritsa.

Mu Fate Core, ya kampani ya Evil Hat Productions ya mu 2013, bala limalembedwa m'mawu, monga "dzanja lopsa". Mabala alipo a magulu atatu: laling'ono la mapointi 2, lapakatikati la 4 ndi lalikulu la 6. Mdani atha kugwiritsa ntchito mawuwo kuti apeze mwayi, ndipo wotsogolera atha kubweretsa vuto kuchokera pa balalo, monga kulephera kugwira chingwe powoloka mtsinje. Bala laling'ono limachoka msanga, pomwe lalikulu limakhalapo mpaka chigawo chonse cha nkhani chitatha.

Blades in the Dark, ya John Harper ya mu 2017, ili ndi milingo inayi ya kuvulala. Pa mlingo wachiwiri wosewera amachotseredwa dayisi imodzi, pa wachitatu amafunika thandizo kuti achite kanthu, ndipo wachinayi ndi imfa. Masewerawa amagwiritsanso ntchito mawotchi a zigawo 4, 6 kapena 8 posonyeza ngozi yomwe ikuyandikira. Ululu wa njoka, mwachitsanzo, ungapatsidwe wotchi yomwe imadzaza pang'onopang'ono osewera akamachedwa.

Kusiyana kwa njirazi

Kusiyana kwakukulu kuli pa nthawi yomwe ululu umabwereranso. M'njira ya manambala umabwera pa mpata uliwonse mosaphonya. M'njira ya nkhani umabwera pomwe wosewera walephera pa dayisi, pomwe wasankha kuchita china m'malo modzithandiza, kapena pomwe zochitika zasintha. Ubwino wake ndi wakuti masewera sachedwa ndipo bala limakhala ndi tanthauzo. Kuipa kwake ndi kwakuti zambiri zimadalira maganizo a wotsogolera, ndipo ngati sanachenjeze osewera za ngoziyo pasadakhale, iwo amaona ngati akuwakondera anzawo kapena akuwalanga.