Audio interface

Audio interface ndi chipangizo chimene chimalumikiza maikolofoni, gitala kapena kiyibodi ku kompyuta pojambula mawu ndi nyimbo. Kawirikawiri chimakhala kabokosi kokhala ndi mabowo olowetsamo mawaya, zokwezera mawu, ndiponso polumikizira mahedifoni ndi masipika. Chimagwiritsidwa ntchito kwambiri m'masitudiyo a m'nyumba.

Mmene chimagwirira ntchito

Maikolofoni imasandutsa mawu kukhala mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri. Mkati mwa chipangizochi muli gawo lotchedwa preamp limene limakulitsa mphamvuyo, kenako gawo lina limaisandutsa manambala amene kompyuta imasunga. Pomvetsera, manambalawo amabwezedwanso kukhala mawu. Kompyuta zambiri zili kale ndi kachipangizo ka mawu, koma sikanapangidwire maikolofoni a mu situdiyo, ndipo zojambulidwa nako nthawi zambiri zimamveka ndi kaphokoso.

Zofunika kuona posankha

Chinthu choyamba ndi kuchuluka kwa zinthu zimene zizijambulidwa nthawi imodzi. Woimba amene amapanga zing'wenyeng'wenye pa pulogalamu ngati FL Studio n'kumajambula mawu okha, bowo limodzi la maikolofoni limamukwanira. Woimba akuliza gitala amafunika mabowo awiri. Kwaya kapena ng'oma zingafunike maikolofoni anayi mpaka 8. Nambala ya pa dzina la chipangizo ikhoza kusocheretsa: Focusrite Scarlett 18i20 imalandira njira 18 za mawu, koma mabowo a maikolofoni ndi 8 okha.

Chachiwiri ndi mtundu wa maikolofoni. Maikolofoni ambiri a condenser, monga Audio-Technica AT2020, sagwira ntchito popanda magetsi a 48V otchedwa phantom power, amene amadzera mu waya wa XLR kuchokera m'chipangizocho. Maikolofoni a dynamic, monga Shure SM58, safuna magetsiwa, koma ena monga Shure SM7B amatulutsa mawu otsika moti amafuna preamp yokweza mpaka pafupifupi 60 dB. Gitala yamagetsi imafuna bowo lolembedwa kuti Inst kapena Hi-Z. Ikalowetsedwa pena mawu ake amamveka ofooka.

Chachitatu ndi kuchedwa kwa mawu, kumene akatswiri amakutcha latency. Mawu amatenga kanthawi kuti alowe m'kompyuta n'kubwerera m'mahedifoni, ndipo kanthawiko kakatalika woimba amadzimva mochedwa n'kumasemphana ndi nyimbo. Zipangizo zambiri zili ndi batani la direct monitor limene limatumiza mawu ku mahedifoni asanadutse m'kompyuta. Pa Windows vutoli limachepanso ndi pulogalamu yoyendetsera chipangizo ya mtundu wa ASIO, umene unayambitsidwa ndi kampani ya Steinberg ya ku Germany. Ndi bwino kuonetsetsa kuti wopanga chipangizocho amapereka pulogalamuyi, makamaka pogula chimene chinagwirapo kale ntchito.

Chachinayi ndi magetsi. Zipangizo zing'onozing'ono zimatenga magetsi kuchokera ku kompyuta kudzera pa waya wa USB, choncho wogwiritsa ntchito laputopu amapitiriza kujambula ndi mahedifoni ngakhale magetsi atathima. Zikuluzikulu zimafuna kulumikizidwa kukhoma.

Manambala a pa katoni

Otsatsa malonda amakonda kulemba manambala ngati 192 kHz, amene amasonyeza kuti mawu amayezedwa kangati pa sekondi. Nyimbo za pa CD zimakhala pa 44.1 kHz ndi 16-bit, ndipo makanema ambiri amagwiritsa ntchito 48 kHz. Kujambula pa 24-bit ndi 44.1 kapena 48 kHz n'kokwanira pa ntchito ya m'nyumba. Chipinda chobweza mawu ndi maikolofoni yoikidwa molakwika zimawononga nyimbo kwambiri kuposa kuchepa kwa manambalawa.

Makampani odziwika

Kampani ya Focusrite ya ku Britain inayambitsidwa ndi Rupert Neve mu 1985, ndipo zipangizo zake za Scarlett zinayamba kugulitsidwa mu 2011. Makampani ena ndi PreSonus, MOTU ndi Universal Audio a ku United States, Audient ya ku Britain, komanso Behringer, imene imadziwika ndi zipangizo zotsika mtengo za U-Phoria.